Kodi Oliza Malipenga Nawonso Ndi Amaseŵela?

Acinyamata anzanga, inu amene munaonelelapo bandi ikuguba pa tsiku la Ufulu, kapena munanyamulapo ng'oma m'gulu la Boys' Brigade, tamvani mkangano umene uli m'masukulu a ku America. Kumeneko ana a sukulu amafunsa kuti: kodi bandi yoguba ndi maseŵela monga mpila, kapena ndi nyimbo cabe? Funsoli lioneka lacibwana, koma mbili ya bandi itionetsa cimene lavutila.

Bandi inabadwila ku nkhondo. Ng'oma ndi lipenga ndizo zinali kuuza asilikali nthawi yonyamuka, yoima ndi yobwelela, pakuti mau a munthu samveka pamene mfuti zilila. Asilikali a ufumu wa Ottoman ku Turkey anali ndi magulu oimba ochedwa mehter, ndipo m'zaka za m'ma 1700 anthu a ku Ulaya anatengela kwa iwo cing'oma cacikulu ndi zimbale zamkuwa zowombanitsa zija. Mpaka lelo mwana wa m'bandi amavala monga msilikali.

Ku America bandi inaloŵa m'bwalo la mpila ngati wanchito. Oseŵela akapita kukapuma pakati pa maseŵela, iyo inali kutuluka kudzasangalatsa oonelela. Mu 1907 bandi ya pa yunivesite ya Purdue inasiya mizele yoongoka yacisilikali, niima m'bwalo mopanga cilembo ca P. Ena anatengelapo, ndipo zojambula ndi matupi a anthu zinankila-nkila kuvuta. Mu 1972 panakhazikitsidwa bungwe la Drum Corps International, limene limakonza mipikisano ya magulu a acinyamata oliza malipenga ndi ng'oma. Mabandi a masukulu a sekondale nawonso amapikisana caka ndi caka. Wanchito uja tsopano ali ndi cikho cakecake colimbilana.

Musaganize kuti kupikisana kotele n'kwacilendo kwathu. Gule wa beni, amene dzina lake linacokela ku liu lacingelezi lochula bandi, anayambila ku gombe la kum'mawa kwa Africa potengela pelete wa asilikali. Anafalikila kumtunda, nasiya abale ake: malipenga, mganda ndi kalela. J. Clyde Mitchell, amene anaonelela kalela ku Luanshya nafalitsa buku lake mu 1956, anapeza magulu opikisana, ovala mwaukhondo, okhala ndi mfumu, dokotala ndi nasi wao. Dokotalayo anali kuvala mkanjo woyela, koma mankhwala sanali kupeleka ai. Nchito yake inali kulimbikitsa ovina.

Tibwelele ku America. Okana amati m'maseŵela enieni wopambana amadziŵika ndi zigoli kapena ndi wochi, ndipo mdani wako amakuchinga. M'bandi mulibe wokuchinga. Oweluza ndiwo amapeleka mamalikisi monga aonela. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma siikwanila, pakuti ku Olympics oseŵela jimunasitiki nawonso amadalila oweluza. Ovomeleza amati tayesani kunyamula lipenga lalikulu lija lochedwa sousaphone, lolemela makilogalamu oposa 10, muziyenda cambuyo mothamanga, mukuuzila mpweya umene mapapo anu akuulila, osaphonya phazi ngakhale limodzi. Ine ndinanyamulapo ng'oma pa pelete dzuŵa lili pamutu, ndipo sindingatsutse.

Nanga dzina lili ndi kanthu? Lili nako ndithu. Gulu likachedwa la maseŵela, sukulu imaliganizila pa ndalama, pa madzi akumwa ndi pa munthu wosamala ovulala. Mabandi a kumeneko amaphunzila kuguba m'mwezi wa August, nyengo yotentha kwambili, kaŵilikaŵili pa phula la poimika magalimoto, ndipo ana amakomoka. Ine ndiona kuti bandi ndi nyimbo poyamba, pakuti mukacotsa nyimbo palibe cotsala cooneleleka. Koma thupi la woimbayo limagwila nchito ya wamaseŵela, ndipo liyenela cisamalilo cofanana. Ku Texas bungwe la UIL, loyang'anila mipikisano ya masukulu, limaika bandi m'gawo la nyimbo. Komabe kuyambila mu 2019 linalamula kuti ana a m'bandi yoguba aziyamba apimidwa kucipatala monga anzao a mpila.