Nyumba za Kafue Estates ndi Eni Ake

Ife amene tinakulira ku Kafue Estates tinkadziwa kuti nyumba imayendera limodzi ndi ntchito. Bambo akalembedwa ku Nitrogen Chemicals of Zambia kapena ku Kafue Textiles, ankapatsidwa kiyi, lendi n'kumadulidwa pa malipiro. Ntchito ikatha, katundu panja. Za ngongole yogulira nyumba ku Zambia National Building Society tinkangozimva kwa mabwana.

Mu 1975 a Kenneth Kaunda anathetsa umwini wamuyaya wa malo, onse n'kukhala m'manja mwa Pulezidenti. Zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo ndi za boma zigulitsidwe kwa okhalamo, pamtengo wozizira. Za makampani a boma zinatsatira. Ena amati inali kampeni chabe, poti chinali chaka cha chisankho; ine ndimati kampeni yotero ibwerenso.

Koma umwini unadza ndi katundu wake. Denga likadontha, paipi ikaphulika, palibenso ofesi yokadandaulako. Khonsolo imafuna ma rates, boma nalo ground rent. Ambiri anasunga kalata yowagulitsira nyumbayo m'sutikesi pansi pa bedi, osaitsata mpaka title deed ituluke.

Maliro ndiwo ankaulula zonse. Lamulo la 1989 limati munthu akamwalira osalemba wilo, nyumba ndi ya wamasiye ndi ana. Komabe achibale ankatulukira mwambo usanathe, maso ali pa makiyi, ndipo mayi wopanda pepala m'manja ankavutika kuwabweza.