Kuchokera pa Fungo Kufika pa Nambala: Mbiri ya Umboni wa Kuledzera Pamsewu

Palibe amene amatsutsa kuti kugwira chiwongolero utaledzera n'kulakwa. Chomwe chavutitsa oweruza kuyambira kale ndi umboni: atsimikiza bwanji kuti munthu analidi woledzera pa nthawi yomwe akumunenerayo?

Ma Ulama a fiqh analimbana ndi funsoli galimoto isanabwere. Imam Abu Hanifa ankati woledzera woyenera chilango ndi amene sakutha kusiyanitsa thambo ndi nthaka, pomwe ophunzira ake, Abu Yusuf ndi Muhammad al-Shaybani, ankati n'zokwanira ngati zolankhula zake zambiri zili zobwebweta. Imam Malik analola fungo la mowa kukhala umboni ngati mboni zatsimikiza. Imam al-Shafi'i anakana, poti fungo limatha kufanana ndi la chinthu china, ndipo munthu akhoza kumwetsedwa mokakamizidwa. Chilango cha hadd sichiperekedwa pamene pali chikayiko.

Makhoti a ku Britain anakumana ndi vuto lomweli. Lamulo la mu 1872 linaletsa munthu woledzera kuyang'anira ngolo, kavalo, ng'ombe kapena injini ya nthunzi pamsewu. Mu 1897, dalaivala wa takisi ku London anaomba nyumba ataledzera, navomera mlandu, nalipira chindapusa. Koma amene wakana mlandu zinkamuyendera. Dokotala wa polisi ankangomuona m'maso, kumuyendetsa pamzere ndi kumva kalankhulidwe kake. Loya ankayankha kuti kudzandirako kunali kutopa, matenda kapena mantha a ngozi, ndipo ambiri ankamasulidwa.

Zinthu zinasintha pamene akatswiri anayamba kuyeza mowa m'thupi. Mu 1932, Erik Widmark wa ku Sweden anafalitsa njira yowerengera kuchuluka kwa mowa m'magazi poyerekeza ndi kulemera kwa munthu. Mu 1936, Norway inakhala dziko loyamba kuika malire m'lamulo: mamiligalamu 50 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Mu 1954, Robert Borkenstein wa ku Indiana anapanga kachipangizo koyezera mpweya wa m'kamwa kotchedwa Breathalyzer. Britain inatsatira mu 1967, nduna Barbara Castle itakhazikitsa malire a mamiligalamu 80, ndipo wopyola malirewo amalandidwa laisensi kwa chaka chathunthu kapena kuposa. Scotland inatsitsa malirewo kufika pa 50 mu 2014.

Apa mlandu unasintha nkhope. Boma silinafunikenso kusonyeza kuti munthu ankadzandira; linangofunika kusonyeza nambala. Maloya nawo anasamukira kwina: kodi wapolisi anatsata ndondomeko yonse? Kodi chipangizo chinali bwino? Ena ankati anamwa ngozi itachitika kale, pofuna kukhazika mtima pansi, kotero kuyezako sikukunena za nthawi yomwe ankayendetsa. Lamulo la mu 1981 linatseka mpatawu posenzetsa woimbidwa mlandu udindo wotsimikiza yekha mawu akewo.

Kodi malamulo otere ali ndi malo mu Shariya? Mu 1993, pamsonkhano wa ku Brunei, bungwe la International Islamic Fiqh Academy linagamula kuti kutsata malamulo a pamsewu amene sakusemphana ndi Shariya n'kokakamizidwa, ndipo wolamulira ali ndi mphamvu yolanga owaphwanya. Chilango chotere ndi ta'zir, chomwe wolamulira amachiyeza molingana ndi ubwino wa anthu. Si hadd ya kumwa mowa, yomwe ili ndi umboni wakewake. Pali chinanso: mabuku akale a fiqh amati wokwera nyama amalipira zomwe nyamayo yaponda panjira, pakuti njira ndi ya onse ndipo woidutsa ayenera kusunga chitetezo cha anzake. Ma Ulama ambiri amatinso amene waledzera mwa kufuna kwake sangathawire ku kuledzerako akapha kapena akawononga.

Choncho nambala inathandiza woweruza, koma siinafafanize ngongole. Malire a 80 kapena 50 ndi muyeso wa bwalo la milandu, si chilolezo kwa Msilamu, amene kwa iye chochepa ndi chambiri chomwe n'choletsedwa. Ndipo amene wapulumuka kukhoti chifukwa wapolisi analakwitsa ndondomeko, magazi a woyenda pansi uja akadali pamutu pake: diya kwa ofedwa, ndi kafara kwa Mbuye wake. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.