Swadick Sanudi ndi masiku 7 a ku Angola

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, kodi mukukumbukira kumene munali pa 11 January 2010? Kuno ku Kasungu fodya anali akali m'munda, mvula ili pakati, koma tsikulo anthu anaweruka msanga kukazinga wailesi. Flames inali itabwerera ku mpikisano wa Africa Cup of Nations koyamba chichokere 1984, ndipo pagolo panali Swadick Sanudi.

Sanudi anadziwika ali ku Bullets. Anali m'gulu lija la Bakili Bullets limene linafika ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004 pansi pa Kinnah Phiri, kenako anakasewera ku Dynamos ya ku South Africa. Choncho ku Angola sanapite ngati mwana wongophunzira.

Ku Luanda tinathibula Algeria 3-0, timu imene inali itapeza kale malo ku World Cup. Timatchula Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda amene anamwetsa zigolizo. Ziro uja sititchula mwini wake. Komanso timaiwala kuti chigoli choyamba chinabwera goloboyi wa Algeria, Faouzi Chaouchi, atasokonezeka. Tinamuseka kwambiri mnyamatayo!

Angola itatigonjetsa 2-0, tinakumana ndi Mali ku Cabinda pa 18 January. Mphindi imodzi isanathe, Sanudi anamenya mpira wofuna kuchotsa koma unakagwera kumapazi a Frédéric Kanouté, amene anauponyera muukonde ali patali. Pamphindi yachitatu Seydou Keita anawonjezera. Mwafulirwa anabweza chimodzi, koma zinathera 3-1. Chopweteka n'chakuti Angola ndi Algeria analepherana 0-0, kutanthauza kuti kungofanana mphamvu ndi Mali kukanatipititsa mu kotafainolo.

M'mawa mwake mu staff room munalibe dzina lina koma la Sanudi. Nanenso ndinamunena, sindikana. Lero ndimaona kuti tinalakwa muyeso. Ife aphunzitsi timadziwa kuti mwana sitimulepheretsa mayeso chifukwa cha funso limodzi, koma munthu amene anatilondera golo zaka zambiri mpaka kutifikitsa ku Angola tinamuweruza ndi masekondi ochepa. Womwetsa zigoli akaphonya kasanu n'kugoletsa kamodzi timamunyamula pamapewa. Goloboyi alibe mwayi umenewo.

Atasiya kusewera, Sanudi anayamba kuphunzitsa magoloboyi, ku Bullets ndi ku Flames komwe. Flames inadzaonekanso ku mpikisanowu mu January 2022 ku Cameroon, patatha zaka 12.