Nkhali ya Kuseri kwa Nyumba: Mbiri ya Mowa ndi Moto wa ku Kauma

Pamene Boma la Malawi lidatsimikiza mtima kuti likulu la dziko lichoke ku Zomba lidze ku Lilongwe, ndipo pamene bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti liyeze malo, lilambule misewu ndi kugawa mzinda m'zigawo za manambala, akatswiri ojambula mapu adakumbukira zinthu zambiri: adaika maofesi a nduna pa Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, nyumba za akuluakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndi mapuloti a anthu wamba ku Area 23 ndi Area 25, koma papepala lililonse padalibe malo amene mayi wa Chichewa akadaikapo mafuwa ake atatu ndi kuterekapo nkhali ya mowa. Malowo anthu adadzipezera okha, ku Mgona, ku Chinsapo, ndi ku Kauma, mudzi waukulu wothithikana umene uli pambali pa mipanda ya Area 12 kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Iye amene afuna kudziwa chifukwa chake mowa, umene kale unkamwedwa pabwalo pamaso pa mfumu, lero uphikidwa kuseri kwa nyumba pakati pa bafa ndi khola la nkhuku, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa zana limodzi.

M'masiku a makolo athu mowa sudali malonda. Munthu amene munda udamkulira ankauza mkazi wake kuti amize chimanga, ndipo mowa ukapsa ankamema dima. Anansi ankadza ndi makasu awo mbandakucha, nalima kufikira dzuwa litafika paliwombo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo malipiro awo onse adali chipanda chozungulira pamthunzi. Wina akamwalira, panali mowa wa m'meto, ndipo patapita nyengo panali mowa wa bona, pamene Gule Wamkulu ankatuluka kudambwe kudzatsazika mzimu wa malemuyo. Mvula ikakana, akuluakulu ankathira nsembe ya ufa ndi mowa pakachisi, monga zinkachitikira ku Msinja kwa Makewana, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama. Chinamwali, kulonga ufumu, kuyanjanitsa abale odana: zonsezi zidali ndi mtsuko wake, kotero kuti mowa uliwonse udali ndi chifukwa chake, mwini wake ndi tsiku lake lothera.

Ntchito yofulula idali ya amayi, ndipo idali ntchito ya kudekha. Mayi ankayamba ndi chimera: ankaviika chimanga, mawere kapena mapira m'madzi, navundikira ndi masamba m'dengu kufikira mbewu zitatulutsa timizu toyera, naziyanika pamphasa, nazisinja mumtondo. Tsiku lotereka ankaphika phala lamadzimadzi m'nkhali zazikulu, nalitakasa ndi mthiko wautali kuti lisapserere pansi. Likazizira pang'ono, kufikira chala chikhoza kupirira m'menemo, ankathira chimera, ndipo phala lolimba lija linkasungunuka nkuyamba kutsekemera. Apa mpamene njira zidasiyanira: wofuna thobwa ankawiritsanso nkulekera pomwepo, ana ndi alendo namwa, koma wofuna mowa ankalisiya kuti lisase, naliphikanso nthawi yaitali, nathiranso chimera china, naliika m'mbiya kuti liwire lokha, kufikira patapita masiku asanu kapena kuposerapo thovu litayamba kulankhula m'kamwa mwa mbiya. Pamenepo ankasefa, masese napita kwa nkhumba ndi nkhuku. Ukakhala mowa wa mizimu, mayi wofululayo ndi mwamuna wake ankagona padera kufikira mwambo utatha, poopa mdulo ndi poopa kuti mowa ungasase. Ndipo pougawa, mwini mowa ankayamba kumwa yekha pamaso pa onse, kuti aliyense aone kuti mulibe chiwembu m'menemo.

Tsono chimene chinkasunga anthu kuti asamire m'chipanda chidali nkhokwe ndi bwalo. Nkhokwe inkalamula nyengo, pakuti palibe mayi wanzeru amene akadamiza chimanga mwezi wa Januwale ana akulira njala. Mowa wambiri udali wa m'chilimwe, anthu atakolola. Bwalo linkalamula khalidwe, pakuti mnyamata wosakwatira sankakhala pamzere wa akuluakulu, ndipo woledzera wotukwana ankaweruzidwa m'mawa mwake ndi anthu omwewo amene adamwa naye dzulo. Mbiya ikauma, anthu ankabalalika, chifukwa kunalibe kwina kokagula.

Zinthu zitatu zidagwedeza dongosolo limeneli. Choyamba chidali ndalama. Boma la Atsamunda lidamangidwa pa Lilongwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo lidadza ndi msonkho wa nyumba wofuna masheleni. Mu 1920 A. F. Barron ndi mnzake Wallace adayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, ndipo m'zaka zochepa chigwa chonse cha Lilongwe chidadzala ndi zigafa. Mwamuna wobwera kumsika wa fodya ndi makobiri m'thumba sankafunanso kudikira dima, ndipo mayi wamasiye wofuna msonkho, mchere ndi nsalu adazindikira kuti nkhali yake ikhoza kumpatsa zimene khasu lidamkaniza. Chachiwiri chidali Mpingo. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, adaletsa Akhristu awo kumwa ndi kufulula komwe, ndipo wogwidwa ankaimitsidwa pa Mgonero. Ansembe Oyera a ku Likuni sadaumitse chotero, koma iwonso adadzudzula kuledzera. Chotero thobwa lidakwezedwa kukhala chakumwa cha maukwati a Chikhristu, pamene mowa wa masese udayamba kuyenda chozemba. Chachitatu chidali ulendo. Amuna amene adapita ndi Wenela ku migodi ya ku Joni, ndi Mthandizi ku mafamu a ku Rhodesia, adaona mabhawa a makhonsolo ndi mashabini a amayi a m'makomboni, nabwera ndi chizolowezi chomwa Loweruka lililonse ndi mowa wofulumira wa chikokeyani, wosadikira masiku asanu.

Kachasu nayenso adakwera kuchokera ku chigwa cha Zambezi, kumene anthu adaphunzira luso lotcheza kwa Apwitikizi. Popeza pangano la ku Brussels la 1890 lidatsekera anthu akuda zakumwa zaukali za Azungu, ndipo popeza Boma lidaletsa kutcheza, mphika wa kachasu udathawira kudambo, kumunda ndi kuseri kwa nyumba, kumene mesenjala wa kwa DC sakadauona msanga. Kuti mowa udali utasanduka kale moyo wa mabanja ambiri, chidaonetsa ndi chaka cha njala cha 1949: Boma litaletsa kufulula kuti chimanga chisaonongeke, amayi ambiri a m'dera la Blantyre, amene amuna awo adali kutali, adataya njira yawo yokhayo yopezera ndalama pa nthawi yomwe ankaifunitsitsa.

Likulu litasamuka mu 1975, zonsezi zidasonkhana pamalo amodzi. Mzinda umene mu 1966 udali ndi anthu osakwana 20,000 udafika pafupifupi 99,000 mu 1977, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Oumba njerwa, amisiri omanga, alonda, ophika ndi osamala maluwa m'nyumba za mabwana sakadatha kukhala kutali ndi ntchito zawo, ndiponso sakadatha kulipira lendi ya m'mipanda. Chotero adapempha malo kwa mafumu a Kauma, namanga nyumba zawo khomo kuyang'ana khomo. Fakitale ya Carlsberg idali itatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, ndipo Chibuku, chimene Max Heinrich adachiyambitsa ku Kitwe m'dziko la Zambia potengera mowa womwewu wa makolo, chidali kugulitsidwa m'mataveni. Koma malipiro a mlonda sakadafika pa botolo lobiriwira kupatula tsiku lolandira, ndipo taveni sidziwa ngongole. Mayi wa kuseri ndiye ankadziwa ngongole, nadziwa tsiku limene bwana wa mlondayo amalipira.

Zida zidasintha, koma luso lidakhalabe lomwelo. Mgolo wachitsulo udalowa m'malo mwa nkhali, chigayo m'malo mwa mtondo, sefa wa waya m'malo mwa thumba loluka, ndi kapu ya pulasitiki m'malo mwa chipanda. Shuga wa ku Nchalo, amene adayamba kupangidwa mu 1966, ndi wa ku Dwangwa pambuyo pake, adapeputsa ntchito ya kachasu: mayi asakaniza madeya, shuga ndi madzi mumgolo, nadikira masiku kufikira kuwira kutaleka, atereka pamoto wofatsa, namata chivundikiro ndi phala la madeya kuti nthunzi isathawe, nthunziyo iyenda mumpaipi wodutsa m'madzi ozizira, nigwa dontho limodzilimodzi m'velemoti. Botolo loyamba ndilo mutu, limene wogula wokayika amaliyesa pothira pang'ono pamoto kuti aone lawi. Otsatirawo amanka nafooka, ndipo mtengo wake utsika nawo. Ndi madontho amenewa ana ambiri a ku Kauma, Mgona ndi Chinsapo adalipiriridwa fizi, ndipo ena a iwo lero akhala m'maofesi a pa Capital Hill, ngakhale si onse amene angavomere pagulu.

Pamene pali mowa pasowa bwanji chotafuna? Pambali pa mgolo pamakhala mbaula ya makala, pamene mang'ina, atawaulidwa ndi kupalidwa bwino, abwata kuyambira m'mawa kufikira fupa litalekana ndi mnofu. Pali chiwaya cha kanyenya wa mbuzi kapena nkhumba, wodyera mchere ndi tsabola wa kambuzi. Pali nthumbwana, bonya wokazinga, ndi mbewa za m'chilimwe zopanidwa pakamtengo. Moto womwewo ukatsika, mayi aikapo nyemba za banja lake, ndi nkhwani zotendera, kuti khala limodzi lisapite pachabe. Ndipo pamabenchi pamenepo, Loweruka madzulo, mudzamva amuna amene sadagwirepo mthiko chibadwire akuweruza ntchito ya amayi ngati akatswiri.

"Alamu, uwu ndi wa chimanga chokhachokha. Ukadakhala wa mawere, bwenzi utatigwira kale m'mawondo."

"Iyayi, achimwene, chimera chilibe mlandu. Mayiwa autsitsa msanga pamoto; ndiponso wa mumgolo sungafanane ndi wa m'nkhali, umamveka chitsulo."

Ndipo mwini mowa, osatembenuka n'komwe, ayankha ali kupima wa munthu wina: "Bambo, mtengo wa nkhuni mukuudziwa? Mundigulire mtolo wa muwanga, ndidzauphika kufikira tambala woyamba."

Macheza amenewa aoneka ngati opanda pake, koma m'menemo ndimo mwatsala sukulu ya lusoli, pakuti palibe buku limene mayi wa ku Kauma adaphunziramo kutentha koyenera kuthirira chimera. Adaona kwa amake kwa Chadza kapena kwa Kalolo, ndipo lilime la omwera ndilo limkonza tsiku ndi tsiku. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidalemba nsima m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lapansi, monga lidalemekezera Gule Wamkulu mu 2005. Koma thobwa ndi masese, zimene zituluka mu ufa womwewo ndi m'manja omwewo, sizinalandirebe ulemu wotero.

Komabe tisabise mawanga a nkhanga, pakuti walira mvula walira matope. Makala a mbaula zimenezi ndi nkhuni za migolo imeneyi zadya nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umwa, kufikira Boma lidatumizako asilikali kukalondera mitengo. Mowa umene udali wa m'chilimwe tsopano ulipo kuyambira Januwale kufikira Disembala, kuyambira m'mawa kufikira usiku. Ndipo pamene makampani adadzaza misika ndi timasacheti ta mowa waukali totsika mtengo kuposa mandasi angapo, timene Boma lidatiletsa mu 2015, ana asukulu omwe adaphunzira kumwa. Amayi amene alera ana ndi velemoti ndi omwewonso amene alira amuna ndi ana awo aamuna otupa masaya ndi miyendo.

Chifukwa chake, iye amene anena kuti mowa wa makolo ndiwo waononga anthu sanena zoona zonse, ndipo iye amene anena kuti kumwa kwa lero ndi mwambo wa makolo anamiza makolowo. Chimene chidasamuka kumudzi kudza ku Kauma ndi chimera, mthiko ndi nzeru za amayi, chimene chidatsala m'mbuyo ndi nkhokwe imene inkati "nyengo ino ayi," ndi bwalo limene linkati "mwana uyu ayi." Atsamunda adayesa kuswa miphika, Mpingo udayesa kudula anthu, apolisi akhala akutaya migolo, koma mowa sudathe, chifukwa chimene chiutereka ndi umphawi wa mayi ndi ludzu la munthu wolandira zochepa. Mafumu a Kauma akadalipo, ndipo akadaweruzabe milandu ya malire ndi kutsogolera maliro. Ngati iwo, pamodzi ndi amayi ofulula eni ake, atapangana za ola lotsegula ndi lotseka, za msinkhu wa woyenera kupimiridwa, ndi za zimene siziyenera kulowa mumgolo, adzachita chimene malamulo a zaka zana limodzi adalephera, pakuti lamulo limene anthu adapangana okha ndilo limene amachita nalo manyazi kuliswa.