Sijilmasa, Mzinda wa Golide ndi Kanjedza

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Morocco, kumene mtsinje wa Ziz, utatsika m'mapiri a Atlas, umathirira chigwa cha Tafilalt usanamwerere mumchenga wa Sahara, kunali mzinda womveka dzina lake Sijilmasa, umene anthu a mtundu wa Berber anaumanga m'chaka cha 757. Pamenepa ndi pamene amalonda ankasenzetsa ngamila zawo nsalu, mkuwa ndi mikanda, nalowa m'chipululu kulinga ku maufumu a Ghana ndi Mali, kumene ankabwerako ndi golide, ndiponso, tsoka ilo, ndi ana a eni ogwidwa ukapolo.

Malondawo anakula kotero kuti Ibn Hawqal, mlendo wa m'zaka za m'ma 900, anaona mumzinda wa Awdaghust kalata ya ngongole ya madinari 42,000, imene mwini wake anali wamalonda wa ku Sijilmasa. Ndipo mlendo wina, Ibn Battuta, amene ananyamukira ku Sijilmasa m'chaka cha 1352 nayenda masiku 25 kukafika ku migodi ya mchere ya Taghaza, anayamikira kukoma kwa zipatso za kanjedza za mumzindawo.

Pakuti ngakhale mafumu ankalimbirana golide, chimene chinkasunga moyo wa mzinda chinali thukuta la mlimi, iye amene ankapatutsa madzi a Ziz m'ngalande, nakwera mtengo uliwonse waukazi wa kanjedza atanyamula maluwa a mtengo wamphongo kuti ubale, nafesa tirigu mumthunzi wake. Ndipo zipatsozo, popeza siziola msanga zikauma, ndizo zinali kamba wa onse owoloka chipululu.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo golide analidi mlendo ku Sijilmasa. Cha m'ma 1393 mzindawo unapasuka ndi nkhondo, eni ake nabalalikira m'midzi yamalinga yozungulira, mwakuti mlendo wina, Leo Africanus, pofika m'zaka za m'ma 1500 anangopeza mabwinja. Koma alimi sanasiye minda ya makolo awo. M'chigwa chomwechi munatuluka banja la Alaouite, limene likulamulira Morocco kufikira lero lino. Ndipo ku Rissani, pafupi ndi mabwinjawo, msika umakumanabe Lamulungu, Lachiwiri ndi Lachinayi, alimi akubwera pa abulu kudzagulitsa zipatso za kanjedza wa medjool, umene mbewu yake inawoloka nyanja m'chaka cha 1927 nikabala ku America.