Mlingo wa Mankhwala Oletsedwa M'masewera: Nkhani ya Clenbuterol mu Nyama

Bungwe la WADA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limalemba mndandanda wa mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse. Lamulo lake ndi lokhwima: wamasewera amayankha mlandu pa chilichonse chopezeka mu mkodzo wake, kaya anamwa mwadala kapena ayi.

Lamuloli linavuta kulitsata pa clenbuterol, mankhwala amene alimi ena ku Mexico ndi ku China amapatsa ziweto mozemba boma kuti zichuluke minofu. Mankhwalawa amatsalira mu nyama, ndipo makina oyezera a masiku ano amawapeza ngakhale atachepa chotani. Mu 2011, pa mpikisano wa FIFA wa anyamata osapitirira zaka 17 ku Mexico, clenbuterol anapezeka m'mikodzo 109 mwa 208 imene inayezedwa. Palibe amene analangidwa, poti zinaonekeratu kuti gwero lake linali nyama.

Choncho kuyambira pa 1 Juni 2019, clenbuterol akakhala wosakwana mananogalamu 5 pa mililita imodzi ya mkodzo, mlandu sutsegulidwa nthawi yomweyo. Nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Akuluakulu amayamba afufuza dziko limene wamasewerayo anali komanso nyama imene anadya. Mu 2021 ndondomeko yomweyi inafikiranso ractopamine, zeranol ndi zilpaterol, amenenso ndi mankhwala okulitsa ziweto.

Komabe mlingowu si chilolezo. Kafukufuku akapanda kusonyeza kuti mankhwalawo anachokera mu nyama, wamasewerayo amazengedwa mlandu monga mwa masiku onse.