Mmene Anthu a m'Migodi ya Mkuwa Anapezera Mau Awo

Pamene migodi ikuluikulu ya mkuwa inatsegulidwa ku Northern Rhodesia, dziko limene tsopano litchedwa Zambia, eni ake sanali anthu a m'dzikomo. Migodiyo inali m'manja mwa makampani awiri akunja: Anglo American ya ku Johannesburg, ndi Rhodesian Selection Trust imene chuma chake chambiri chinachokera ku America. Koma okumba miyala pansi pa nthaka anali Abemba, Alozi, Angoni, ndiponso anthu ambiri ochokera ku Nyasaland.

Funso lalikulu linali lakuti: kodi wantchito akakhala ndi dandaulo, akalitule kwa yani, popeza mwini ntchito ali kutali chotere? M'chaka cha 1931 akuluakulu a mgodi wa ku Luanshya anakhazikitsa madoda a mtundu uliwonse m'komponi kuti azinena madandaulo a anzao. Madodawa ankaweruza bwino milandu ya mabanja, koma pa nkhani ya malipiro analibe mphamvu.

Izi zinaoneka poyera mu May 1935, boma litakweza msonkho. Antchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala ntchito osawafunsa madoda aja, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. M'chaka cha 1940 azungu a m'migodi anachita sitalaka napatsidwa zimene ankafuna. Anthu akuda atachita chimodzimodzi, asilikali anaombera khamu ku Nkana, ndipo anthu 17 anataya moyo.

Magazi amenewa anaphunzitsa antchito kuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1949 anapanga bungwe lao la African Mineworkers' Union, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Pamene ananyanyalanso ntchito kwa milungu itatu mu 1952, anachita mwabata ndi mogwirizana, kotero kuti malipiro anakwezedwa ndithu. Chaka chotsatira antchitowo anaponya voti yothetsa udindo wa oimira mitundu aja.

Kuyambira pamenepo makampani anayenera kukhala pansi ndi kukambirana ndi anthu amene antchito anadzisankhira okha. Eni migodi anasintha pambuyo pake: boma la Zambia linatenga magawo 51 pa 100 mu 1970, ndipo pofika 2000 migodi inali itagulitsidwanso kwa makampani akunja. Koma mwambo wokambirana kudzera m'bungwe, umene unagulidwa ndi miyoyo ya ku Luanshya ndi Nkana, unapitirira.